Savings, fixed deposit, ma Treasury bill kapena chilimba: ndalama zanga ndimazisunga kuti

Anzanga ogulitsa nawo ku msika wa Kamwala mu Lusaka akhala akundifunsa chifukwa chomwe ndinasiyira kuunjika ndalama mu akaunti ya savings. Ndiyankhe pano kuti onse amve.

Akaunti ya savings ndi imene inandipweteka mtima. Banki yomwe ndinakhala nayo zaka zambiri inkalengeza chiwongoladzanja chokopa pa zikwangwani, koma m'timalemba tating'ono tapansi munali mfundo yakuti chiwongoladzanja chimenecho ndi cha okhala ndi ndalama zochuluka. Ife a ndalama zochepa tinkangolandira kanyenyeswa. Pamwamba pa apo, mwezi ndi mwezi ankadula ya kusamalira akaunti, ya mauthenga a pafoni, ndi ina ukatapa pa ATM ya banki ina. Ukatapa kangapo m'mwezi umodzi, phindu la mwezi umenewo lapita. Nditatenga statement ya chaka chonse ndi kuwerengera bwinobwino, zodulidwa zinaposa zomwe ndalama yanga inabala. Bank of Zambia inaletsa ma charges ena osayenera mu 2018, koma otsalawo akuluma ndithu.

Nditapita kukadandaula, mtsikana wa pa kauntala anandilandira mwaulemu, nati, "Amayi, inu ndinu kasitomala wathu wakale," kenaka anandipatsa kalendala ndi ambulera yokhala ndi chizindikiro chawo. Iye sindimuimba mlandu, anachita zomwe anauzidwa. Koma zinandiwawa. Mu 2024 thumba la unga wa breakfast la 25kg linadutsa K300, ndipo kumapeto kwa chakacho mitengo ya zinthu inali ikukwera ndi maperesenti oposa 15, pamene Bank of Zambia imafuna kuti izikhala pakati pa 6 ndi 8. Ndalama ikamabala zochepa kuposa mmene mitengo ikukwerera, mphamvu yake yogulira imatha uli chigonere. Kalendala singabweze zimenezo.

Fixed deposit, pomwe umasiya ndalama ku banki kwa nthawi yomwe mwagwirizana, ndiyabwinoko, bola ukhale wotsimikiza kuti suikhudza, chifukwa ukaithyola nthawi isanakwane amakulanga.

Ma Treasury bill ndiwo ndimawakonda tsopano. Apa ukubwereketsa boma kudzera ku Bank of Zambia, kwa masiku 91, 182, 273 kapena 364, ndipo utha kuyamba ndi K1,000. Umagula pa mtengo wotsika, tsiku likakwana amakubwezera yathunthu. Msonkho amadula pa phindulo, koma umadziwiratu, ndipo kwa ine zotsala zaposabe kutali za savings. Vuto lake ndi mapepala a poyamba komanso kudikira.

Airtel Money ndi MTN MoMo ndi za ndalama yoyenda tsiku ndi tsiku, kuoda katundu ku msika wa Soweto ndi kutumiza kumudzi, ngakhale kuyambira 2024 boma limadulapo levy potumiza.

Chilimba, chomwe timasonkha ndalama pagulu n'kumapatsana mosinthana, sindichinyoza, chinandithandiza kuyamba geni. Koma sichibala, umangolandira zomwe unaponya. Village banking, pomwe gulu limasonkha ndalama n'kumabwereketsana ndi chiwongoladzanja, imabala, koma mmodzi akathawa ndi ngongole, gulu lonse limalira ndipo kokadandaula n'kovuta.

Akaunti ya ku banki ija sindinatseke, poti ndalama za ma Treasury bill zimadutsira momwemo. Ndimangosiyamo zokwanira kuti isafe, zina zonse ndimachotsa tsiku lomwe zalowa.