Scarlett Solo yanga ndi masiku atatu amene mayiki inangoti zii

Focusrite Scarlett Solo yangayi, yofiira ija ya m'badwo wachitatu, ndi kabokosi kolumikizira mayiki ku laputopu pojambula mawu. Anandibweretsera ndi alamu anga kuchokera ku Johannesburg, pamodzi ndi mayiki ya Audio-Technica AT2020. Cholinga changa chinali choti oimba a kwaya yathu azibwera kunyumba kuno ku Ndirande mmodzimmodzi kudzajambula mawu awo, tisamawononge ndalama ku situdiyo pa nyimbo zimene sitinazikonze bwino.

Tsiku loyamba ndinalumikiza zonse, ndinatsokomola pamayiki, koma zii. Ndinapotokola batani la gain, lokwezera mawu olowa, mpaka kumapeto, koma kamphete kozungulira batanilo, kamene kamayaka mawu akamalowa, osayaka ngakhale pang'ono. Masiku atatu ndinkangong'ung'udza kuti alamu anagula chinthu chakufa. Kunena zoona, ndinatsala pang'ono kuwaimbira foni yowadandaulira, ndipo ndikanachita manyazi.

Vuto linali ine. Waya amene ndinali naye ndi uja wa kutchalitchi, mbali imodzi mutu wa XLR wa mapini atatu, mbali inayo mutu wa jack ngati wa waya wa gitala, ndiye ndinamulowetsa pa bowo lachiwiri, la gitala. Mayiki ya mtundu wa condenser ngati AT2020 siigwira popanda magetsi ake a 48V, amene amatchedwa phantom power, ndipo pa Solo magetsi amenewa amatuluka pa bowo la XLR lokha. Pa XLR amayenda pa pini 2 ndi pini 3, kubwerera pa pini 1. Ndiye batani la 48V lija ungalidine kangati, ngati mayiki ili pa jack palibe chimene chifike. Chimene chinandisokoneza n'chakuti waya yemweyo amagwira bwinobwino ndi mayiki ya Shure SM58 ya kutchalitchi. Ndinaiwala kuti ija ndi ya mtundu wa dynamic, simadya magetsi.

Ndinakagula waya wa XLR mbali zonse, wotchipa, pa kagolosale kena ka zamagetsi m'tauni. Mawu anabwera, mtima pansi. Koma madzulo omwewo kunayamba kulira kwinakwake ngati njuchi, kwinaku mawu akuthetheka ndikangogwedeza wayayo. Apa ndi pamene mnzanga wina wokonza mawayilesi anandiphunzitsa kanthu kosavuta. Chotsa mayiki, yatsa 48V, yeza ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, kumapeto kwa waya. Pakati pa pini 1 ndi 2 uyenera kupeza pafupifupi 48V, pakati pa 1 ndi 3 chimodzimodzi. Pa bowo la Solo manambala anali bwino mbali zonse. Kumapeto kwa waya ankangodumphadumpha. Titatsegula mutu wake tinapeza kuti pini 1 anangoimata mwachisawawa, timawaya tikungolendewera. Anawotcherera mphindi zisanu, njuchi zija n'kutha. Ndinamugulira Fanta, ananena kuti yakwana.

Kabokosi kenikeniko ndilibe nako mlandu. Thupi lake ndi lachitsulo, lagwapo kawiri patebulo osasintha khalidwe. Magetsi kamatenga pa USB ya laputopu, ndiye magetsi akazima ife timapitiriza mpaka batire itatha, ndipo 48V ija imagwirabe. Ndaonanso kuti ndikazula chaja cha laputopu mawu amayera kwambiri, moti masiku ano ndimajambula pa batire dala. Kamphete ka gain kaja ndi kothandiza kwa munthu wosaphunzira za mawu ngati ine: kakabiriwira uli bwino, kakafiira wapyola, bweza. Batani la Air limawalitsa mawu kumtunda. Pa tenala wathu limakoma, koma pa mtsikana wa soprano ndimalizimitsa chifukwa "s" wake amalasa m'makutu.

Chimene muyenera kudziwa musanagule n'chakuti bowo la mayiki ndi limodzi basi. Ofuna kujambula anthu awiri pa mayiki ziwiri angoyang'ana Scarlett 2i2, imene ili ndi mabowo awiri a mayiki. Ine ndinkadziwa zimenezi, komabe tsiku lina alto awiri atabwera limodzi ndinalakalaka lachiwiri.

Chizolowezi chimene ndachigwira tsopano ndi ichi: ndimayamba kulumikiza mayiki, gain ili pansi, kenako 48V, n'kudikira kamphindi. Pochotsa ndimayamba kuzimitsa 48V. Ndinaphunzira nditazula waya mahedifoni ali m'makutu, kuphulika kwake ndinaona nyenyezi.

AT2020 nayo ili ndi kakhalidwe kake. Imamvera m'mbali, kumene kuli chizindikiro cha kampani, osati pamwamba. Wa besi wathu anaimba vesi yonse ataigwira ngati mayiki ya pa guwa, mawu n'kumveka ngati ali m'chitsime. Ndipo imamva zonse: tambala wa aneba, njinga zamoto za kabaza, ngakhale chigayo cha kutsidya kwa msewu. Ndakhoma mabulangete awiri pazenera, ndipo timajambula ikadutsa 9 koloko usiku, chigayo chikatseka. Tambala yekhayo ndiye sitinagwirizane nayebe nthawi.