Garaja imene inayamba ndi kumvetsera isanamasule bawuti pansi pa Forester yanga

Ndili ndi Subaru Forester ya 2006, ya otomatiki, imene inachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, monga zimafikira galimoto zambiri zimene timayendera kuno. Kwa miyezi inayi galimotoyi inkandisowetsa mtendere. Ikafika liwiro la makilomita 60 pa ola, kumbuyo kunkayamba kulira ngati njuchi zili m'chitini. Ikafika pa 80, mpando unkanjenjemera moti galasi loonera kumbuyo silinkaonetsa bwino. Ndipo ndikamakhota kwambiri poimika, inkachita ngati wina waigwira kumbuyo, matayala n'kumakhula pansi. Ndinali nditabalansitsa matayala kawiri, ndinagula shafuti yatsopano ya kutsogolo, ndipo makaniko wina anali atandiuza kuti giyabokosi yatha, ndiyambe kufufuza ina. Ndinapita ku garaja imene ndikuikamba pano ndalama zitapita kale koma vuto lili pomwepo.

Garajayi ili cha ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, ndipo poiona kunja siisiyana ndi zinzake: mpanda wa malata, dzenje limodzi loloweramo pansi pa galimoto, makina amodzi okwezera galimoto m'mwamba, ndi anyamata anayi. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mwini wake, bambo wachikulire amene anyamata ake amangowatchula kuti amisiri, amalipiritsa ndalama ya kufufuza vuto payokha, kaya mukonzetsa pomwepo kaya mupita kwina. Ndalamayo inali pafupifupi mtengo wa theka la thanki ya petulo. Ndinadandaula, chifukwa ambirife tinazolowera kuti makaniko amaona galimoto ulere n'kudzapezera phindu pa zitsulo zimene atigulitse, koma iwo anangoyankha kuti, "Bwana, mukandilipira poyang'ana, sindikhala ndi chifukwa chokugulitsani chitsulo chimene simukuchifuna."

Sanayambe ndi sipanala. Anandifunsa kaye kuti phokosolo linayamba liti, ngati limasintha ndikaponda kapena kusiya mafuta, ndiponso ngati kunjenjemerako ndimakumva m'manja pa chiwongolero kapena pa mpando. Kenaka tinapita pa msewu wolambalala mzinda, umene umachoka pa mphambano ya ku Bunda kukalumikizana ndi msewu wa ku Mchinji, iwo akuyendetsa, mnyamata mmodzi atakhala kumbuyo kuti azimvetsera. Atafika pa 70 anayamba kukhotetsa galimoto pang'onopang'ono kumanzere ndi kumanja mumsewu wopanda galimoto zina, ndipo ine ndemwe ndinamva kuti kulira kwa njuchi kuja kumakula tikapendekera kumanzere n'kuchepa tikapendekera kumanja. Anafotokoza kuti galimoto ikamakhotera kumanzere kulemera kwake kumatsamira pa matayala a kumanja, choncho beringi ya tayala yotha imene ikulira kwambiri pa nthawiyo iyenera kukhala ya kumanja. Phokoso la difu (chipangizo chimene chimagawa mphamvu ku tayala la kumanja ndi la kumanzere), iwo anatero, silisintha chifukwa cha chiwongolero. Limasintha mukaponda mafuta kapena mukawasiya.

Kunjenjemera kuja anakuyesa mwa njira ina. Anaika giya pa N kwa kanthawi kochepa tili pa 85, injini n'kutsika, koma mpando unapitiriza kunjenjemera, kusonyeza kuti gwero lake silinali injini kapena mipira yoigwirizira. Apa m'pamene ndinamva mfundo imene amakaniko amene ndinapitako poyamba sanaitchule. Tayala la saizi ya 215/60R16, longa a galimoto yangayi, limayenda mamita awiri ndi pang'ono likazungulira kamodzi, ndiye pa liwiro la 80 limazungulira pafupifupi ka 11 pa sekondi, pamene propushafuti, chitsulo chachitali chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupita nayo ku difu ya kumbuyo, imazungulira mofulumira kuposa tayala kanayi ndi kupitirirapo. Tayala losabalansika limagwedeza galimoto mwa apo ndi apo, koma propushafuti imanjenjemeretsa mosalekeza ngati foni imene ikulira pa tebulo. Kwanga kunali kwa mtundu wachiwiriwu, ndipo ndalama zonse za kubalansa zija ndinangozitaya m'madzi.

Gawo limene linandikhutiritsa koposa linali la kukhota. Titabwerera, anazungulitsa galimoto pang'onopang'ono pa bwalo la simenti chiwongolero atachikhotetsa mpaka kumapeto, ndipo inayamba kudumphadumpha, matayala a kumbuyo akulira kuti khwee, khwee. Anatsegula boneti, natenga fyuzi yapadera n'kuilowetsa pamalo olembedwa kuti FWD, amene Subaru anaika pa galimoto za giya zinayi za otomatiki za mtundu umenewu kuti mphamvu izipita ku matayala a kutsogolo okha. Atazunguliranso, kudumpha konse kunatheratu. Malinga ndi kufotokoza kwawo, zimenezi zinasonyeza kuti kachipangizo ka magetsi kamene kamalamula kilatchi yotumiza mphamvu kumbuyo kakugwirabe ntchito, ndiponso kuti kilatchiyo ikutha kumasuka. Kudumphako kukanapitirira fyuzi ili momwemo, nkhani ikanakhala yotsegula mchira wa giyabokosi. Sanachedwe kuichotsa fyuziyo, ndipo anandichenjeza kuti ena amaisiya momwemo kwa miyezi n'kumaganiza kuti akonza galimoto, chonsecho angobisa matenda.

Kenaka anatenga tepi ya atelala. Anapopa matayala onse mofanana, anakweza galimoto, n'kuyeza kuzungulira kwa tayala lililonse pakati pa mapazi ake, mnyamata akulemba manambala ndi choko pa khoma. Ndinachita manyazi. Matayala anga anayi anali a makampani atatu osiyana, chifukwa ndinkagula limodzilimodzi a kaunjika lina likaphulika, ndipo lalikulu linkaposa laling'ono ndi masentimita awiri, ngakhale manambala a saizi olembedwa m'mbali anali ofanana. Malire amene amakaniko a Subaru amatsatira ndi pafupifupi mamilimita 6 okha. Pa galimoto yokoka ndi matayala awiri kusiyana kotere sikuvuta kwenikweni, koma pa galimoto yokoka ndi onse anayi kumachititsa kuti kutsogolo ndi kumbuyo kuzizungulira pa liwiro losiyana nthawi zonse, ngakhale pa msewu wowongoka, ndipo kilatchi ya pakati ija imakhala ikukhulana ndi kutentha ulendo wonse. Kunena zoona, vuto limeneli ndinaliyambitsa ndekha pofuna kupulumutsa ndalama.

Pansi pa galimoto sipanatenge nthawi. Propushafuti ya Forester ili ndi zigawo ziwiri zolumikizana pakati, pomwe pali beringi yokhala mu mpira, ndipo mpirawo unali utang'ambika mbali imodzi moti amisiriwo ankakankha shafutiyo ndi dzanja limodzi n'kumagogoda pa chitsulo. Anandiitana kuti ndigwire sipuling'i ya kumbuyo kumanja mnyamata akuzungulitsa tayala, ndipo m'zala mwanga ndinamva kukhakhala ngati mwalowa mchenga, pamene ya kumanzere inali zii. Anakhetsa oyilo wa difu ya kumbuyo m'beseni loyera n'kundionetsa maginito a pa chotsekera chake: panali phala lotuwa losalala, popanda tizidutswa ta chitsulo, ndiye difuyo anaisiya, anangothiramo oyilo watsopano wa 75W-90. Shafuti yakale ya kutsogolo, imene ndinali nditaisunga m'buti, anaipindapinda n'kunena kuti inalibe vuto lililonse.

Anandilangiza kuti ndiyambe ndi matayala anayi ofanana ndi kusintha oyilo wa giyabokosi, amene anali atada ndi kununkha ngati wapserera, kenaka beringi ndi propushafuti, ndipo za kilatchi tidzakambirane pokhapokha kudumpha kukapitirira. Dongosolo limeneli linandithandiza kugawa ndalama m'miyezi iwiri.

Komabe garajayi ili ndi zofooka zimene munthu ayenera kuzidziwa asanapiteko. Anandilonjeza kuti ntchito ya beringi ndi propushafuti itenga tsiku limodzi, koma inatenga masiku atatu, chifukwa alibe makina okanikizira beringi ndipo amatumiza chitsulocho kwina, komwe magetsi anali atazima. Palibe amene anandiimbira foni kundiuza za kuchedwako. Ndinkachita kufunsa ndekha. Propushafuti imene anaikamo ndi yochotsedwa pa galimoto ina, popeza majointi a shafuti za mtundu umenewu anatsekeredwa ku fakitale ndipo sasinthika mosavuta, ndipo chitsimikizo chake chinali cha pakamwa chabe, cha mwezi umodzi. Ngakhale ndinalipira ndalama ya kufufuza, sanandipatse lipoti lolembedwa, moti manambala a pa khoma aja ndinachita kuwajambula ndi foni. Chinanso n'chakuti luso lonse lili m'makutu ndi m'manja mwa munthu mmodzi. Tsiku limene ndinawapeza atachokapo, anyamata sanathe kuyankha mafunso anga ndipo anangondiuza kuti ndidikire. Malo odikirira ndi benchi ya pansi pa mtengo wa mango, ndipo pa mpando wa dalaivala ndinapezapo girisi.

Tsopano papita miyezi isanu. Ndayenda ulendo wa ku Blantyre kawiri pa msewu wa M1 ndi wa ku Salima kamodzi, ndipo kulira kwa njuchi ndi kunjenjemera kwa mpando sizinabwererenso. Kudumpha pokhota kunachepa kwambiri koma sikunatheretu: m'mawa galimoto isanatenthe ndimakumvabe pang'ono potuluka pa geti, zimene amisiri aja anali atandichenjeza kale kuti zingachitike ngati mbale za kilatchi zinadyeka pa nthawi ya matayala osiyana ija. Anandiuza kuti ndibwererenso ndikayenda makilomita 5,000 kuti adzasinthe oyilo wa giyabokosi kachiwiri, chifukwa kukhetsa kamodzi kumachotsa gawo chabe la oyilo wakale, ndipo panopa kwatsala makilomita 800.