Mapadi otaya kapena ochapa?

Pa nthawi ya msambo, mapadi otaya ndi osavuta: mwavala, pakatha maola 4 mpaka 6 mwasintha, basi. Koma amafuna ndalama mwezi ndi mwezi, ngakhale boma la Malawi linawachotsera msonkho mu 2022, ndipo mukawaponya m'chimbudzi chokumba chimadzaza msanga chifukwa ali ndi pulasitiki yosawola.

Ochapa, kaya ogula kaya osoka pakhomo ndi nsalu yofewa ya thonje, amatha chaka kapena kupitirira. Vuto lawo lili pa kuyanika. Atsikana ambiri amawabisa pansi pa mphasa chifukwa cha manyazi, nsalu n'kukhala yachinyezi, mapeto ake kuyabwa. Aviikeni m'madzi ozizira, muwachape ndi sopo, kenako muwayanike padzuwa, ngakhale mutawaphimba ndi kachitenje kopyapyala. Ine ndimasankha ochapa, kupatula nyengo ya mvula ndi paulendo.