Oyimbira atatu amene tinawalemba ganyu: awiri ndingawaitanenso

Kwathu kuno tsidya lino la Shire, njira yopita ku Malindi, mpira wa ana timangoimbitsa aliyense amene wapezeka ndi wezulo m'thumba. Kawirikawiri amakhala malume ake a mmodzi mwa osewerawo, ndipo mpirawo umathera pa ndewu. Ndiye chaka chino, pa bonanza ya anyamata osapitirira zaka 15, makolo tinasonkherana ndi anzathu ogulitsa nsomba kuti tiitane oyimbira ochita kuphunzira, ochokera ku boma. Matimu anali asanu ndi atatu, masewero asanu ndi awiri, Loweruka ndi Lamulungu. Thumba ndinkasunga ndine, choncho amene mukufuna kuchita ngati ifeyo mumve kwa ine amene ndinawerenga ndalamazo pamanja.

Tinagwirizana K25,000 aliyense pa tsiku, kuphatikizapo thiransipoti ndi nsima ya masana. Anabwera atatu: mtsikana mmodzi wazaka za m'ma 20, bambo wina wachikulire wa imvi za m'mbali, ndi mnyamata wamtali wokonda foni.

Ndiyambe ndi chondinyansa. Tinapangana 8 koloko m'mawa pothawa dzuwa la Okutobala, lomwe kuno ku Mangochi ndi ng'anjo yeniyeni. Iwo anatulukira 10 koloko itadutsa, akuti njinga zamoto zinavuta pa mlatho wa Bakili Muluzi. Ana anali atakhala kale pansi pa mtengo wa mango, madzi a m'zigubu atafunda ngati tiyi.

Koma atangotsika, mtsikana uja anachita zimene sindinaonepo pa bwalo lathu. Analizungulira lonse wapansi, n'kutiuza kuti sayimba mpira mpaka titakwirira dzenje la kufupi ndi golo ya kumunsi. Mizere tinali titalemba ndi phulusa, ndipo anatibwezetsa wa penate chifukwa unali wokhota. Kenako anandandalitsa ana n'kuwavulitsa zibangili, mphete ndi tizingwe ta m'mikono. Kochi wina anayesa kunyengerera: "Achemwali, kachingwe aka n'ka agogo ake, kasiyeni." Iye anangoti, "Agogo asunge kaye, akatenga mpira ukatha." Ana amene analibe zotchinga miyendo anawalola kulowetsa makatoni m'masokosi. Pamenepo ndinamuyamikira, chifukwa akanaumirira zogula kusitolo, theka la osewera likanabwerera kunyumba.

Tsono imvani zimene zinandichitikira ine mwini. Timu ya mwana wanga inkasewera mpira wachiwiri. Mpira unatuluka, mnyamata wa timu inayo n'kuuponya ndi manja patali kwa mnzake amene anaima yekhayekha kumbuyo kwa otchinga athu onse. Uja anangoutembenuza, chigoli. Ndinadumpha ngati ndaponda moto. "Ofusaidi! Refu wadya chibanzi!" Bwalo lonse linandithandiza kukuwa, ena mpaka kumuuza mtsikana uja, amene ankayimba mpirawo, kuti apite akaphike. Iye osatembenuka n'komwe, analoza pakati.

Pa nthawi yopuma ndinamulondola, mtima uli phaphapha. Anamwa kaye madzi, kenako anandifunsa mwaulemu, "Bambo, mpirawo unachokera kuti?" Ndinati woponya. "Ndiye palibe ofusaidi. Woponya, wa kona, ndi woyambira pa golo, munthu akaulandira mwachindunji palibe mlandu." Anatsegula foni n'kundionetsa lamulo nambala 11 mwa malamulo 17 a mpira. Ine ndaonera mpira kuyambira nthawi imene goloboyi ankaloledwa kugwira mpira womubwezera mnzake ndi phazi, zimene zinaletsedwa mu 1992, koma ili sindinkalidziwa. Chondipweteka kwambiri chinabwera madzulo tikudya. Mwana wanga anati, "Adadi, mawa musakakuwenso. Kochi anatiuza kalekale zimenezija."

Tsiku lomwelo anthu anamukuwizanso chifukwa wotchinga kumbuyo analandira mpira woyambira pa golo usanatuluke m'bokosi. Zimenezo zinaloledwa mu 2019, koma kwathu kuno uthengawo sunafikebe. Ndipo amene ankati mkazi sangayimbe mpira aja mwina sanamvepo za Bernadettar Kwimbira, Mmalawi mnzathu amene anali woyimbira wa mbendera pa World Cup ya amayi mu 2015 ndi mu 2019.

Bambo achikulire aja analibe liwiro, koma ana ankawadziwa kuwagwira mtima. Mwana akachita faulo ankamuitana pambali, dzanja paphewa, "Mwanawe, ukabwereza ndikupatsa yachikasu." Dzuwa litafika paliwombo ankaimitsa mpira kamphindi kuti ana amwe madzi, osadikira kuti tiwapemphe. Anaphonya mpira umodzi wogunda dzanja m'bokosi, woonekeratu, ndipo atafunsidwa anavomera kuti anatchingidwa. Ine munthu wovomera chonchi sindilimbana naye.

Wachitatuyo ndiye ayi. Ali pa mbendera ndinamuona ndi maso angawa akusuzumira pa foni kawiri, mpira ukudutsa pamapazi pake. Atapatsidwa wezulo pa semifainolo Lamulungu, anasanduka msilikali. Kamwana ka zaka 13 kanangofunsa kuti, "Ndalakwa chiyani?" iye n'kukatulutsira kadi yachikasu, chala chili pamphuno pake, akukakalipira pamaso pa anthu. Kanasewera mphindi zotsalazo kakupukuta misozi ndi jezi. Mpira utapita ku mapenate anabwera kwa ine n'kunong'ona kuti nthawi yapitirira, ndiwonjezere kangachepe. Ndinamuuza kuti maola awiri amene anachedwa dzulo lake ndiwo amulipira.

Mbali ina tisawanamizire. Chingwe chotchingira anthu tinalibe, ndiye chigoli chilichonse khwimbi linkathamangira m'bwalo, njinga ndi mbuzi zomwe. Wa mbendera ankachita kukankha anthu ndi chigongono kuti aone mzere. Pa fainolo bambo wina anamuponyera mtsikana uja chikonyo cha chimanga, ndipo anali tate wa mwana amene timu yake inkatsogola. Iye anaimitsa mpira, anaika wezulo m'thumba, n'kunena kuti sapitiriza mpaka bamboyo atachoka. Anakamuchotsa ndi a mfumu, ndodo ili m'manja.

Kwa amene mukufuna kuwaitana: perekani theka lokha poyamba, lina mpira ukatha, ndipo nenani nthawi yochotsako ola limodzi. Funsaninso maina a amene akubwera, musangolandira aliyense. Ife tikukonza ina pa holide ya Disembala. Mtsikana uja ndi bambo a imvi aja ndawaimbira kale, ndipo chingwe ndagula kwa asodzi, cha khoka lakale, chokwana kuzungulira bwalo lonse.