Consul, Eureka kapena DNS ya Kubernetes: yesani pozula waya

Anzanga atatu andifunsa kale funso limodzimodzi, loti agwiritse ntchito chiyani pakati pa Consul, Eureka ndi DNS ya Kubernetes kuti mapulogalamu awo azipezana pa netiweki, ndiye ndiyankhe pamodzi. Timayendetsa timaservice (timapulogalamu togwira ntchito imodzi-imodzi) tisanu ta gulu la alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Dedza: malipiro, katundu wa m'nyumba yosungira, mauthenga a SMS ndi tina. Iliyonse iyenera kudziwa komwe inzake ili, chifukwa ma IP, maadiresi a makina pa netiweki, amasinthasintha.

Ngati muli kale pa Kubernetes, pulogalamu yoyendetsera timaservice pa makina ambiri, musadzivutitse. CoreDNS, DNS yake yomasulira dzina kukhala adiresi, imabwera nayo, mumangoitana dzina ngati malipiro.default.svc.cluster.local, basi. Ife makina athu ndi ochepa mphamvu, Kubernetes inali katundu wolemera. etcd, nkhokwe yomwe mungasungemo maadiresiwa, ndinaisiya msanga, imasunga bwino koma zoyang'anira thanzi la service mumalemba nokha.

Eureka, kaundula wa timaservice, imakoma ngati zonse mwalemba mu Spring, chida cholembera mapulogalamu a Java. Service imapereka moni masekondi 30 alionse, ikakhala chete masekondi 90 Eureka imaichotsa m'kaundula. Koma moni akachepa kwambiri nthawi imodzi, Eureka imaganiza kuti vuto ndi netiweki, n'kusiya kuchotsa aliyense. Kumene intaneti imadukaduka ngati kuno, muzilandira maadiresi a timaservice takufa.

Ine ndili pa Consul, kaundula winanso wa timaservice, ngakhale ndi pomwe ndinapsa. Pofuna kupulumutsa ndalama ndinaika ma server awiri okha, ndikuti wina akagwa mnzake agwira. Ayi ndithu. Consul imagwiritsa ntchito Raft, njira yomwe ma server amasankhirana mtsogoleri, ndipo kuti pakhale mtsogoleri pamafunika opitirira theka. Pa awiri, opitirira theka ndi awiri omwewo. M'mawa wina wa mu June, kukuzizira, alimi a ku Bembeke ali pamzere ndi matumba awo, magetsi anathima mbali imodzi ndipo batire la UPS, kachipangizo kosunga magetsi, linali lotha. Server yotsalayo inasowa mtsogoleri.

Chondipweteka n'chakuti kunja zinkaoneka zabwinobwino. Ndikafunsa adiresi ya malipiro polemba dig @127.0.0.1 -p 8600 malipiro.service.consul yankho limabwera, koma lakale, likulozabe makina othima aja, poti popanda mtsogoleri palibe chatsopano cholembedwa. Ndinatha maola awiri ndikufukula code ya malipiro yosalakwa. Mayi wina anasuzumira pawindo: "Achimwene, tidikirebe kapena tibwere mawa?" Ndinaona vuto nditalemba consul operator raft list-peers, lamulo loonetsa ma server ndi mtsogoleri wawo.

Pano ma server ndi atatu, bootstrap_expect, chiwerengero cha ma server omwe Consul imadikira isanasankhe mtsogoleri woyamba, ili pa 3, ndipo sali pa soketi imodzi. Lachisanu lililonse ndimazula waya wa server imodzi dala, kenako ndimapha service ya malipiro, n'kuwerenga masekondi mpaka dzina lake litachoka pa dig.

Dziwaninso kuti mu 2023 HashiCorp, kampani yopanga Consul, inasintha laisensi yake kupita ku BSL (Business Source License). Kwa ife ongoigwiritsa ntchito pakhomo sizinatikhudze, koma amene mukufuna kugulitsa ntchito yofanana nayo muiwerenge kaye. Ngati ndalama zanu zikukwana makina awiri okha, ikani server imodzi, muzidziwa kuti ili yokha.