Delay ndi reverb mu rack: zitsatizane, ziyende mbali ndi mbali, kapena tisenze masipika atatu?

Ndinataya masabata atatu ndikunamizira sipika yosalakwa. Gitala inkamveka ngati munthu akuyankhulira m'paipi, mawu opyapyala, opanda mnofu, ndipo ngakhale nditadina bypass, batani lolambalala kabokosi ka delay (kobwereza mawu), palibe chinkasintha. Ndinasintha nsambo, ndinasintha makebulo, mpaka ndinakabwereka sipika ya mnzanga. Wolakwa ndinali ine ndemwe: loop ya ampulifaya yanga, pamene mawu amatulukira kupita ku timabokosi n'kubwereranso, ndi ya parallel, ndiye mawu enieni a gitala, amene timati dry aja, ankadutsa njira ziwiri n'kukakumana kutsogolo, ena atafika msanga, ena atachedwa pang'ono. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandifunsa za kalumikizidwe ka delay ndi reverb (yopangitsa mawu kumveka ngati ali m'chipinda chachikulu), sindiyamba ndamufunsa kuti wagula kabokosi kanji. Ndimamufunsa kuti dry yake ikudutsa pati.

Pali chimodzi chimene tonse tingagwirizane kaye. Ngati mumaimba ndi distortion, mawu okhakhala aja, yochokera mu preamp, gawo loyamba la ampulifaya, delay ndi reverb zikhale pambuyo pake. Mukaziika patsogolo, distortion imapsinja zonse pamodzi, mawu obwereza amene amayenera kumazilala amakwera kufanana ndi oyamba, ndipo chotuluka ndi phala. Amene mumaimba clean tsiku lonse, monga ambiri a ife oimba rumba, sungura ndi nyimbo za m'tchalitchi, lamuloli silikumangani kwenikweni. Chokuvutitsani inu chidzakhala kukula kwa mawu: zida zambiri za mu rack, kabati yomangiramo timabokositi, zimayembekezera line level osati timawu tofooka tochokera mu pickup. Ndipo line level yomweyo ili pawiri, +4 dBu imene ndi pafupifupi 1.23 V, ndi -10 dBV imene ndi pafupifupi 0.32 V. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 12 dB. Loop ikamatumiza +4 ku kabokosi koyembekezera -10, kanyali kofiira sikazima. Zikatembenuka, mumakweza volume mpaka phokoso la "sss" kupambana nyimbo.

Njira yoyamba: motsatizana

Iyi ndi imene aliyense amayambira, ya series. Preamp ipereka ku delay, delay ipereka ku reverb, reverb ipereka ku power amp, gawo lopereka mphamvu ku sipika. Makebulo ndi ochepa, palibe chogula china, ndipo chikavuta pa siteji mumalondola chingwe chimodzi chokha mpaka kupeza pamene pafa.

Mtengo wake ndi woti mawu anu onse amalowa m'mimba mwa kabokosi kalikonse. Ngati kabokosiko ndi ka digito, kamasandutsa mawu kukhala manambala kenako n'kuwabweza, ndipo mukakhala ndi timabokosi tiwiri ntchitoyi imachitika kawiri. Pa zida zatsopano kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, ndipo wina akalumbira kuti akukumva pakati pa ng'oma ndi kwaya ya anthu 40, ine ndimangomuyang'ana. Pa zida zakale zotchipa za m'ma 1980 ndi 1990, zimene ndi zomwe zimatifikira kuno zitadutsa m'manja mwa anthu angapo, kusiyanako kumamveka. Kulumako kwa piki pa nsambo kumafewa, gitala imakhala ngati yabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Sikuti zonse zakale zili choncho: Rocktron Intellifex inatchuka chifukwa dry yake imadutsa mwa analog osasandutsidwa manambala, ndiye imakhala bwinobwino mu series.

China chosowetsa mtendere ndi batani la mix. Pa timabokosi tambiri, mukakweza wet, mawu okonzedwa ndi delay kapena reverb aja, dry imatsika. Preset (makonzedwe osungidwa m'kabokosi) ya solo yokhala ndi delay yambiri imamveka yotsika kuposa ya rhythm, chikhalirecho solo ndiyo imafunika kutulukira. Mumatha madzulo athunthu mukulinganiza ma preset mmodzimmodzi.

Njira yachiwiri: mbali ndi mbali, kudzera mu mikisa

Apa mawu ochokera mu preamp amagawidwa patatu. Gawo limodzi lilunjika ku mikisa osakhudzidwa. Lina lilowa mu delay, lina mu reverb, ndipo zonse ziwirizi zimaikidwa pa wet 100, kapena kuyatsa chimene timabokosi tina timalemba kuti Kill Dry. Zotuluka zake zikakumana ndi dry mu mikisa, mikisa n'kupereka ku power amp. Umu ndi momwe Bob Bradshaw wa Custom Audio Electronics ku Los Angeles ankamangira ma rack a oimba gitala ngati Steve Lukather ndi Michael Landau m'zaka za m'ma 1980, pamene zida monga TC Electronic 2290, Lexicon PCM 70 ndi Eventide H3000 zinali pamwamba. Mikisa yake sifunika yaikulu. Rane SM82 ndi Behringer RX1602 zonse ndi za 1U, kutanthauza mpata umodzi wa mainchesi 1.75 mu rack ya mainchesi 19, ndipo zili ndi ma channel 8 a stereo, oposa amene mungafune. Amene muli ndi loop ya series ndi kabokosi kamodzi kokha, Suhr MiniMix II imagwira ntchito yomweyo pamalo ang'ono.

Ubwino wake woyamba ndi woti dry sisuntha. Sinthani ma preset momwe mungafunire, gitala ili pomwe munaisiya, delay ndi reverb zikungowonjezera pamwamba ngati ndiwo pa nsima. Wachiwiri, umene ine ndimaukonda koposa, ndi wa mchira. Mukafuna kuzimitsa delay, mumatseka send yopita ku delay osati return yochokerako. Mawu atsopano saloweranso, koma amene analowa kale amamaliza okha kubwereza n'kuzilala. Mu series, pa kabokosi kosadziwa kusunga mchira, kusintha preset kumadula mawu ngati wina wadula ndi chikwanje, ndipo nthawi zonse zimachitika pa malo achete a nyimbo pamene mpingo wonse ukumva.

Tsopano msampha uja unandigwira ine. Kabokosi ka digito kamachedwetsa mawu ndi milisekondi imodzi kapena ziwiri. Paokha mawu ochedwa choncho khutu siliwazindikira. Koma dry yochedwayo ikasakanikirana ndi dry yosachedwa, mafunde ena amafafanizana. Kuchedwa kukakhala milisekondi imodzi, dzenje loyamba limagwa pa 500 Hz, lachiwiri pa 1500 Hz, lachitatu pa 2500 Hz, kumangopitirira choncho. Kukakhala ziwiri, maenjewo amayambira pa 250 Hz, 750 Hz, 1250 Hz. M'dera limeneli ndi momwe gitala imakhala. Ndiye mawu a m'paipi aja. Ndipo onetsetsani zimene bypass ikuchita, chifukwa pa timabokosi tambiri bypass imatanthauza "tulutsa dry yokha", ndiye vuto silichoka, mwinanso limakula. Mu parallel, bypass iyenera kukhala chete weniweni.

Loop ya parallel yomangidwira mu ampu ndi m'bale wake wa mikisa, koma ili ndi khalidwe lake. Ma Mesa Boogie Dual Rectifier akale anali ndi loop yotere, ndipo eni ake ambiri ankapita nawo kwa amisiri kuti awasandutse series, poti dry inkadonthabe ngakhale batani la mix litafika kumapeto. Delay ndi reverb zimakhala bwino mmenemo. Tremolo, EQ, kompresa ndi noise gate ayi, chifukwa zimenezi zimafuna kugwira mawu onse, ndipo theka likamadutsa mbali ina ntchito yawo yatha.

Kodi delay ilowe mu reverb?

Funso ili ndi losiyana ndi la dry, ngakhale anthu amazisakaniza. Mutha kusunga dry yanu bwinobwino koma n'kutsalabe ndi chisankho cha momwe ziwirizi zikhalirane.

Delay ikamathira mu reverb, kubwereza kulikonse kumakhala ndi chipinda chake, ndipo zimamveka zachilengedwe, zofewa. Koma tiwerengere. Nyimbo ya 120 BPM, kugunda 120 pa mphindi, ili ndi milisekondi 500 pa kugunda kumodzi, poti 60000 kugawa ndi 120 ndi 500. Dotted eighth, imene oimba a praise timu amaikonda, ndi magawo atatu mwa anayi a chimenecho, 375. Ibwereze kanayi, kubwereza komaliza kukufika patapita sekondi ndi theka. Pamwamba pake ikani reverb ya masekondi 3. Noti imodzi ikhala mumlengalenga masekondi 4.5, kugunda 9, kupitirira ma bar awiri. Pa nyimbo yolambira yodekha, pamene kodi imodzi imakhala nthawi, zimenezi n'zokoma. Pa sebene, pamene zala zikuthamanga ndipo makodi akusinthana pa bar iliyonse, noti zakale zimagundana ndi zatsopano mpaka woimba bass kukuyang'anani ndi diso lija.

Zikayenda padera, reverb imamva noti yoyamba yokha, ndipo kubwereza kwa delay kumatuluka kouma, kowerengeka, ngati gitala yachiwiri ikuyankha. Kwa ine, chilichonse chothamanga chimafuna chonchi. TC Electronic G-Major, kabokosi kokhala ndi delay ndi reverb pamodzi, ili ndi njira zitatu mkati mwake momwemo, Serial, Semi Parallel ndi Parallel, ndipo Semi Parallel ndiyo imachita zimenezi: zina zonse zitsatizana, koma delay ndi reverb zili mbali ndi mbali. Munthu wokhala ndi kabokosi kamodzi ndi loop ya series, yesani pamenepo musanagule mikisa.

Mikisa yokhala ndi aux send, batani lotumizira gawo la mawu a channel iliyonse ku kabokosi kena, imakupatsani zapakati, ndipo apa ndi pamene imalipira ndalama zake. Reverb muidyetse kuchokera ku aux. Pa channel ya dry kwezani aux momwe mukufunira, pa channel ya delay kwezani pang'ono pokha, kuti kubwereza kungonyowa pang'ono. Pa channel ya reverb yeniyeniyo aux ikhale pa ziro, apo ayi reverb idzadzidyetsa yokha n'kulira mpaka ana kutseka makutu.

Kuika reverb patsogolo pa delay ndi kwa nthawi ya pemphero basi, pamene mukukweza volume pang'onopang'ono kuti gitala imveke ngati kiyibodi.

Njira yachitatu: wet/dry/wet

Sipika yapakati imatulutsa dry yokha kuchokera ku ampu yanu. Mumapatutsa mawu pa line out, kapena pa kachida kotsitsa mphamvu ya speaker out, kuwatumiza ku delay ndi reverb zili pa wet 100, kenako ku power amp ya stereo ndi masipika awiri, kumanzere ndi kumanja. Eddie Van Halen anaimba choncho kwa zaka zambiri. Mukaima pakati pa masipika atatuwo, palibe njira ina imene ingafanane nayo, ndipo ndikunena mosabisa. Dry ili pamaso panu, yolimba, zina zonse zikuzungulira m'mbali. Chenjezo limodzi: ampu ya ma valve isayatsidwe popanda sipika kapena load, chifukwa output transformer imapsa.

Koma ndani akumva kukomako? Inu nokha. Bokosi la 4x12, la masipika anayi a mainchesi 12, limapitirira makilogalamu 30, ndipo ngakhale mutasankha ang'onoang'ono a m'mbali, muli ndi ampu ziwiri, masipika atatu ndi rack, zonse zofuna galimoto yakeyake. Mukafika, wa pa mikisa yaikulu ali ndi maikolofoni imodzi yotsala, ndipo aiika pa sipika yapakati. Anthu akumva dry yokha, delay yanu yonse yatsala pa siteji. Akakupatsani ma channel atatu, PA, zokuzira mawu za khamu, ya m'maholo ndi m'matchalitchi ambiri kwathu kuno imayenda mono, mawu amodzimodzi kumanzere ndi kumanja. Ping-pong, delay yodumpha kumanzere ndi kumanja, imasanduka delay wamba, ndipo ma preset amene amatambasula mawu potembenuza phase mbali imodzi amafafanizika akaphatikizidwa, kungosowa. Wet/dry ya masipika awiri ndi yopepukirapo ndipo imapereka zambiri za kukoma komweko, koma vuto la maikolofoni silichoka.

Palinso kung'ung'udza. Ampu ziwiri zolumikizana ndi kebulo, iliyonse ili ndi earth yake, zimapanga ground loop, ndipo mumamva "mmmm" wa 50 Hz wa magetsi athu. Zonse zidye pa ekisitenshoni imodzi, ndipo zikapitirira ikani isolation transformer pa kebulo yopita ku mbali ya wet. Musathyole phini la earth, chonde. Nsambo za gitala ndi zolumikizidwa ku ground, ndipo milomo yanu ili pafupi ndi maikolofoni. Poti tanena za magetsi: zida zambiri zakale zochokera ku America ndi za 120 V pomwe athu ndi 230 V, ndiye werengani kumbuyo musanalowetse pulagi.

Ine ndinakhazikika pa mikisa ndi sipika imodzi. Dry pa channel 1, delay pa 2, reverb pa 3, zonse mono. Amene ali ndi kabokosi kamodzi katsopano ndimawauza kuti akhale mu series ndi Semi Parallel kapena chofanana nacho, ndalama za mikisa agulire makebulo abwino. Wet/dry/wet ndimaisiyira studio ndi kuchipinda kwanga.

Ndipo kuholo imene timaimba Lamlungu, ya denga la malata, pansi pa simenti, makoma opanda nsalu, ndikawomba m'manja kamodzi tisanayambe, mawu amatenga nthawi asanathe. Channel 3 imakhala pafupifupi pansi penipeni mpaka anthu atadzaza mabenchi, ndiye ndimaikweza pang'ono pa nyimbo yachiwiri.