Sharps 1874 ya .45-70: zomwe ndaona itadutsa m'chinyezi ndi m'chilala

Pamene ndinkagula mfuti iyi ndinaiyamikira kuti ndi yokongola komanso yolemera bwino m'manja, koma ndinati za kulondola kwake tidzakambirana ikadzalawa nyengo zosiyana. Miyezi yapitapo ndithu tsopano. Ndi Sharps 1874 yopangidwa masiku ano ku Italy, mpope wake mainchesi 30, ndipo ndimaombera zidole zachitsulo zooneka ngati nyama pa mpikisano wa silhouette kuno ku Missouri, ku America: nkhuku pa mamita 200, nkhumba pa 300, nkhukundembo pa 385 ndi nkhosa zamphongo pa 500.

Za mfutiyo payokha mawu ndi ochepa. Palibe chathyoka, chitseko chake chotsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope chikutsika ndi kukwera mofewa kuposa kale, ndipo set trigger, kachitsulo kokokera koombera kongofuna kukhudza pang'ono ukakatchera, sinasinthe. Choyang'anira polunjika chandamale chomwe inabwera nacho chinali chogwedera, moti ndinaikapo cha mtundu wa Soule. Imeneyo ndi ndalama ina yoti muiwerengeretu.

Nkhani yaikulu ili pa onga. Dzina lakuti .45-70 linachokera kwa asilikali a America, omwe mu 1873 anayamba kugwiritsa ntchito chipolopolo chotambalala .45 ya inchi chokankhidwa ndi magreni 70 a onga wakuda (greni ndi muyeso waung'ono wa kulemera). Makesi amkuwa a lero, momwe timathiramo onga n'kuika chipolopolo, ndi ochindikala pansi, choncho 70 salowa bwino ukaika chipolopolo chachitali. Ine ndakhazikika pa magreni 63 a onga wakuda wotchedwa Swiss 1.5Fg, othiridwa kudzera m'kapaipi katali kuti akhazikike mofanana, pamwamba pake kapepala kolimba, kenako chipolopolo cha mtundu wa Postell cha magreni 535 chomwe ndimasungunula ndekha, magawo 20 a mtovu pa gawo limodzi la tini. Pakati pa onga ndi chipolopolo pasatsale mpata wa mpweya, ndipo muyeso umenewu ndi wa onga wakuda wokha, osati wamakono wosafuka uja.

Muyeso womwewu kuno unkandipatsa zipolopolo zogwa pamodzi mosangalatsa. Missouri ndi kwachinyezi. Ndikaomba, ndinkangouzira mpweya kangapo m'mpope ndi kapaipi, mwaye wa onga n'kufewa, chipolopolo chotsatira n'kuukankha popanda vuto. Nditapita ku Whittington Center, ku Raton m'chigawo cha New Mexico, komwe kumachitikira mipikisano ikuluikulu ya masewerawa, zinthu zinatembenuka. Kumeneko ndi kumtunda, mpweya ndi wouma, dzuwa likaswa mpope umatentha osagwirika. Zipolopolo zoyamba zinkagunda bwino, zotsatira n'kuyamba kumwazika. Mwaye unkauma gwaa chakumapeto kwa mpope, n'kumakanda mtovu wa chipolopolo chilichonse chodutsapo. Kuuzira kunalibenso ntchito.

Ena pamenepo amathamangira kusintha onga kapena kugula chikombole china choumbira zipolopolo. Ine ndikuona kuti n'kutaya ndalama. Chomwe chinathandiza ndi kupukuta mpope ndikangoomba: kansalu konyowa kamodzi, kouma kamodzi, mofanana nthawi zonse. Kunyowa kwa kansaluko kukasiyana, pogwera chipolopolo pamasiyananso, makamaka pa nkhosa, chifukwa chipolopolo chimenechi chimatuluka pa liwiro la mafiti pafupifupi 1,200 pa sekondi n'kuyenda mokhota ngati utawaleza. Chinthu chaching'ono kumpope kuno chimakhala chachikulu pa mamita 500. Mafuta otchedwa SPG omwe ndimapaka m'mizere ya chipolopolo sindinawasinthe. Anagwira ntchito konsekonse.

Kutsuka sikovuta monga anthu amaopera. Madzi wamba amachotsa mwaye, kenako kuumitsa ndi kupaka mafuta tsiku lomwelo, apo ayi dzimbiri silichedwa. Makesi ndimawaponya m'botolo la madzi a sopo ndisanachoke pabwalo. Fungo lake la sulufule ndiye a kunyumba sanalizolowere mpaka pano.

Nkhuku zikundivutabe, poti pamenepo umaomba chiimire, popanda timitengo topingasa totsamiritsapo, ndipo mfuti yoposa makilogalamu asanu imatopetsa mkono msanga. Koma ndikanati ndigulenso, ndikanagula yomweyi. Amene akufuna kuyamba atenge .45-70, chifukwa makesi ndi zikombole zake sizisowa, ndipo asungeko ndalama ya choyang'anira chabwino ndi ndodo yopukutira.